Musanagule Chikwama Chokwerera Phiri, Yambani Mwayeza Msana

Aliyense amene anakwerako phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula amaidziwa njira ya Skyline. Ndi njira yachidule yopita ku Chambe, koma ndi yoimirira zedi. M'maola atatu kapena anayi munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo malo osalala opumirapo ndi owerengeka. Ulendo wathu woyamba tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, aliyense atabereka chikwama chimene anachipeza m'nyumba. Wina anabwereka cha mwana wake wasukulu, wina anatenga chonyamulira laputopu, ndipo mmodzi anabwera ndi chimchikwama cha pa kaunjika chimene anachikonda chifukwa cha kuchuluka kwa matumba ake.

Tinkaopa kuti miyendo ndiyo idzatigwiritse mwala. Sizinatero. Tisanafike theka la njira, miyendo inali idakali ndi mphamvu koma mapewa anali atatentha ngati tawaika pamoto. Mayi wina amene tinali naye anayamba kudandaula kuti zala zake zachita dzanzi. Patangopita kanthawi, lamba wa chikwama cha mwana wasukulu chija anathothoka, ndipo mwini wake anamaliza ulendowo atachikumbatira pachifuwa ngati khanda lodwala. Tinafika ku Chambe dzuwa litapendeka, tonse tili chete. Kukongola kwa malowo tinakuona mawa lake.

Kuyenda m'mapiri ndi masewera olimbitsa thupi abwino kwambiri. Mtima umagwira ntchito, mapapo amadzaza mpweya wabwino, maganizo amapuma. Komanso mapiri tili nawo pafupi: Michiru, Soche ndi Ndirande ku Blantyre, Zomba, Dedza, Nkhoma, Bunda. Koma tawaona anthu ambiri amene anapita kamodzi kokha n'kulumbira kuti sadzabwererakonso, ndipo tikawafunsa bwinobwino timapeza kuti chimene anadana nacho si phiri ayi. Chinali chikwama. N'chifukwa chake ife timati chikwama choyenera si chimene chapepuka kuposa zonse m'sitolo, kapena chachikulu kuposa zonse. Ndi chimene chikugwirizana ndi kutalika kwa msana wanu, n'kumatula katundu wake m'chiuno osati m'mapewa.

Zimene amayi obereka ana amazidziwa kale

Yang'anitsitsani mayi amene wabereka mwana. Mwanayo amakhala momatirira kumsana, salendewera, ndipo matako ake amatsamira pamwamba pa chiuno cha mayi ake. Chitenje chikamasuka pang'ono, mwana n'kuyamba kupendekera kumbuyo, mayiyo amaima, kuwerama, kumukweza ndi kumanganso. Safuna kuuzidwa kuti katundu akatalikirana ndi msana amalemera kwambiri. Opanga zikwama zokwerera mapiri anatenga zaka zambiri kuti afike pa nzeru yomweyi. Mu 1908 Ole Bergan wa ku Norway anaika felemu pa chikwama chake kuti katundu asamamutswanye msana. Mu 1952 Dick Kelty wa ku California anayamba kupanga zikwama za felemu ya aluminiyamu, zimene pambuyo pake zinadzakhala ndi lamba wa m'chiuno. Mu 1967 Greg Lowe analowetsa felemu m'kati mwa chikwama kuti chizimatirira kumsana munthu akamakwera matanthwe. Zikwama zambiri zimene timaziona lero zinachokera pa maganizo amenewa.

Chifukwa chake chili m'thupi mwathu momwemu. Mafupa a m'chiuno ndi okhuthala ndipo amakhala pamwamba pa miyendo, pomwe pali minofu yamphamvu kuposa ina yonse. Mapewa sali choncho. Pakati pa khosi ndi phewa pamadutsa mitsempha imene imatumiza mauthenga ku mkono ndi zala. Lamba wopyapyala akamakanikiza pamenepo kwa maola ambiri, zala zimachita dzanzi ndipo mkono umafooka. Madokotala a asilikali amalidziwa bwino vutoli chifukwa limagwira asilikali oyenda maulendo ataliatali atabereka katundu wolemera. Nthawi zambiri dzanzilo limatha munthu akatula katundu, koma likapitirira mpaka tsiku lotsatira kapena mkono ukakhala wopanda mphamvu, pitani kuchipatala.

Wina angafunse kuti, bwanji osangosenza pamutu monga timachitira masiku onse? Funsoli si lopusa. Kafukufuku amene anachitika ku Kenya n'kusindikizidwa mu 1986 anaonetsa kuti amayi ozolowera kusenza ankatha kunyamula katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwononga mphamvu zoonjezera. M'njira za m'phiri la Mulanje momwemo mudzakumana ndi anthu akutsika atasenza mitolo ya nkhuni, akukudutsani ngati mwaima. Koma iwowo anayamba ali ana, ndipo mwala uliwonse wa m'njiramo amaudziwa. Mlendo amafunika kuona pamene akuponda, manja onse awiri ali omasuka kuti agwire mtengo kapena thanthwe akaterereka.

Katundu ayambe, chikwama chitsatire

Anthu ambiri amagula chikwama kaye, kenako n'kuyamba kufunafuna zoti adzazemo. Ife tinaphunzira kuchita mosiyana. Yalani mkeka, ikanipo zonse zimene mukufuna kunyamula, chotsani zimene mungathe kukhala opanda, ndiyeno funani chikwama chokwana zotsalazo. Chikwama chachikulu sichibwerera kunyumba chisanadzaze. Mpata ukatsala, munthu amaponyamo nsapato zachiwiri, thaulo lalikulu, mbale zadothi, ngakhale wailesi.

Kukula kwa zikwama amakuyeza m'malita. Pa ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo, monga kukaona mathithi a Dziwe la Nkhalamba kumtunda kwa Likhubula kapena kuyenda kuchokera ku damu la Mulunguzi kukafika ku Emperor's View pa phiri la Zomba, malita 15 mpaka 25 ndi okwana. Mumalowa madzi, kamba, jekete ya mvula, juzi, tochi ndi kabokosi ka mankhwala. Pa ulendo wogona usiku umodzi kapena uwiri, malita 35 mpaka 50 amakwana. Zikwama za malita 65 kapena 80 ndi za anthu oyenda sabata yathunthu atanyamula tenti ndi chakudya chambiri, ndipo zina mwa izo zimalemera makilogalamu awiri kapena atatu zili zopanda kanthu. Cha malita 40 chosokedwa bwino chimalemera kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka.

Pa kaunjika chikalata chosonyeza malita chimakhala chitachoka kale. Musadandaule. Yezani kutalika, kufupika ndi kuya kwa chikwamacho m'masentimita, chulukitsani manambala atatuwo, kenako gawani ndi 1,000. Chikwama cha masentimita 50 m'litali, 30 m'lifupi ndi 20 kuya kwake chili ndi malita pafupifupi 30.

Phiri la Mulanje limatipeputsira katundu m'njira imodzi yaikulu. Pamwamba pake pali nyumba zogonamo alendo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Chisepo. M'nyumbazi mumakhala mlonda amene amathandiza ndi nkhuni ndi madzi, kotero tenti ndi yosafunika. Chakudya ndi zofunda ndiye muyenera kubwera nazo nokha. Apa ndi pamene bulangete limavutitsa, chifukwa lokha limadya theka la chikwama ndipo likanyowa siliuma msanga. Ngati mukuganiza zoyenda kawirikawiri, thumba logonamo, lija amati sleeping bag, ndi chinthu choyamba kusungira ndalama, ngakhale musanagule chikwama chatsopano.

Nanga katundu yense alemere bwanji? Lamulo limene oyenda m'mapiri ambiri amatsata ndi lakuti pa ulendo wa tsiku limodzi chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi, ndipo pa ulendo wogona chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu. Munthu wolemera makilogalamu 60 anyamule osaposa 6 pa ulendo wa tsiku, ndi osaposa 12 pa ulendo wogona. Mwana wa makilogalamu 35 amukwanira atatu ndi theka, ndipo makolo asamusandutse bulu chifukwa choti akuthamanga patsogolo. Makilogalamu 12 amaoneka ambiri mpaka mutayamba kuwerengera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye mabotolo a malita awiri atenga kale awiri. Onjezani thumba logonamo, zovala zofunda, poto wamng'ono, ufa kapena mpunga, mtedza, buledi, chiponde, nthochi ndi mbatata yophika. Ngati chikwama chopanda kanthu chatenga atatu, mwataya kotala ya zonse musanaikemo ndi supuni yomwe. Sikelo yokoleka ija ya ogula mbewu imathandiza kwambiri pano. Kolekani chikwama chodzaza muone zoona zake, chifukwa dzanja limanama.

Kupepuka kuli ndi malire

Pali nkhani ya gogo wina wa ku America, Emma Gatewood, amene mu 1955 ali ndi zaka 67 anayenda yekha njira yonse ya m'mapiri ya Appalachian Trail, mtunda woposa makilomita 3,000, atangonyamula thumba losoka yekha paphewa. Anthu okonda katundu wopepuka amamutchula kawirikawiri, ndipo n'zoona kuti ambirife timanyamula zosafunika. Masiku ano kuli zikwama zopanda felemu zolemera theka la kilogalamu, zina zosokedwa ndi nsalu yodula kwambiri yotchedwa Dyneema. Ndi zabwino kwa munthu amene katundu wake yense sapitirira makilogalamu 8 kapena 9. Mukapitirira pamenepo, chikwama chopanda felemu chimapindika pakati, lamba wa m'chiuno amasiya kugwira ntchito, ndipo zonse zimabwerera m'mapewa. Theka la kilogalamu limene mwapulumutsa mumalilipira ndi ululu wa tsiku lonse. Kwa ife amene timanyamula ufa ndi poto, chikwama chokhala ndi felemu yopepuka ya m'kati ndicho chanzeru.

Ndipo pali zinthu zimene siziyenera kutsala kunyumba pofuna kupeputsa katundu. Kuyambira mwezi wa May mpaka August, chiperoni chimatha kufika mosayembekezeka, nkhungu n'kuphimba phiri lonse, kamvula kowaza n'kugwa masiku awiri kapena atatu. Mu June ndi July, usiku pamwamba pa Mulanje pamazizira mpaka mame kuundana pa udzu. Munthu amene wanyowa, watopa ndipo akuombedwa ndi mphepo amataya kutentha kwa thupi mofulumira, amayamba kunjenjemera, kusokonezeka maganizo ndi kupunthwa. Mu July 2009 mlendo wina wachinyamata wa ku Brazil anasochera pochokera ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene ndi yaitali kuposa zonse m'Malawi, ndipo anamwalira ndi kuzizira. Jekete ya mvula, juzi yofunda, chipewa, tochi ndi machesi okulungidwa m'pepala la pulasitiki zizikhala m'chikwama ngakhale kumwamba kuli koyera mbee. Ndipo musakwere popanda wotsogolera njira wa kuderako. Ku Likhubula aliko, pamodzi ndi onyamula katundu kwa amene msana kapena mawondo awo sangathe. Kuwalemba ntchito si manyazi, ndipo ndalamayo imathandiza mabanja a m'mphepete mwa phirilo. Koma nawonso ndi anthu, msana wawo ndi wofanana ndi wathu. Musawaunjikire zonse zimene inu mwalephera kusankha.

Kuyeza msana

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, pomwe ndi pofunika kuposa pena paliponse. Chikwama sachisankha poyang'ana msinkhu wa munthu. Anthu awiri ofanana msinkhu akhoza kusiyana kutalika kwa msana, wina miyendo yaitali, wina msana wautali. Bwerekani tepi ya atelala ndipo pemphani wina akuthandizeni. Weramitsani mutu, ndipo mudzamva fupa lotuluka kumbuyo kwa khosi, pamene khosi lakumana ndi mapewa. Poyambira ndi pamenepo. Kenako gwirani m'chiuno, zala zazikulu zitaloza kumsana, manja atatsamira pamwamba pa mafupa a m'chiuno. Mzere wolumikiza zala ziwirizo ndiwo pothera. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndiwo kutalika kwa msana wanu, ndipo kwa akuluakulu ambiri umakhala pakati pa masentimita 38 ndi 55. Lembani nambalayo, pitani nayo kumsika pamodzi ndi tepi, ndipo yezani chikwama kuchokera pakati pa lamba wa m'chiuno kufika pamene malamba a m'mapewa asokeredwa. Zikwama zina zili ndi malamba otheka kukwezedwa kapena kutsitsidwa, ndipo zimenezi n'zothandiza m'banja limene bambo, mayi ndi mwana wamkulu azibwerekana.

Musachiyese chili chopanda kanthu. Chikwama chilichonse chimakoma chikakhala chopanda kanthu. Pemphani wogulitsa aikemo zinthu zolemera, kapena pitani ndi mabotolo a madzi anu. Masulani malamba onse, chiberekeni, ndipo yambani kumanga lamba wa m'chiuno. Siponji yake ikumbatire pamwamba pa mafupa a m'chiuno, osati pamimba kapena m'matako. Kenako kokani malamba a m'mapewa mpaka atagona bwino, koma osafinya. Pamwamba pa mapewa pamakhala timalamba tina tiwiri tochokera kumutu kwa chikwama. Ntchito yake ndi kukokera katundu kufupi ndi msana, ngati mmene mayi uja amamangiranso chitenje. Pomaliza mangani kalamba ka pachifuwa, kamene kamaletsa malamba a m'mapewa kutsetserekera kunja. Kasathine mpaka kukulepheretsani kupuma bwino.

Mukamaliza, yesani kulowetsa zala pakati pa phewa ndi lamba. Zizilowa mosavuta, ndipo muzimva kuti kulemera kwambiri kwakhala m'chiuno. Ngati pakati pa lamba ndi phewa patsala mpata waukulu, chikwamacho chakutalikirani. Ngati lamba wa m'chiuno akukwera kupitirira pamchombo, chakufupikirani. Yendani nacho, weramani, tembenukani, yang'anani kumwamba muone ngati chikukugundani kumutu. Amayi ayang'anenso mmene malamba akudutsira pachifuwa. Pali zikwama zosokedwera amayi, zokhala ndi msana waufupi ndi malamba okhota, koma chofunika ndi mmene chakukhalirani, osati zimene zalembedwa pachikalata. Chingwe chopyapyala chopanda siponji chimene chimapezeka pa zikwama zina za m'tauni si lamba wa m'chiuno weniweni. Chimangoletsa chikwama kugwedera. Pa ulendo wa tsiku limodzi wa makilogalamu anayi kapena asanu chikhoza kukwana, koma osati pa ulendo wogona.

Pa mulu wa kaunjika

Tisanamizane, ambirife sitidzagula chikwama chatsopano cha Osprey kapena Deuter. Tidzachipeza pa kaunjika ku Limbe, ku Zomba kapena ku Lilongwe, ndipo palibe cholakwika. Zikwama zabwino zimafika m'mabelo, ndipo chakale chosokedwa bwino chimaposa chatsopano chonyezimira chimene chimathothoka pa ulendo woyamba. Koma pamafunika diso.

Yambani ndi pamene malamba a m'mapewa alumikizana ndi chikwama. Kokani mwamphamvu ndi kuyang'ana ulusi. Pamenepo ndi pamene chikwama cha mnzathu uja chinatigwetsera ulesi. Finyani siponji ya m'malamba. Ikabwerera msanga ndiye kuti idakali ndi moyo, ikakhala yophwatalala yatha. Tsegulani ndi kutseka zipi aliyense kangapo, ndipo mukaona zilembo za YKK pa kachitsulo kokokera, nthawi zambiri ndi chizindikiro chabwino. Mangani ndi kumasula zomangira zapulasitiki, muone ngati zili ndi ming'alu. Kenako tembenuzani chikwama muone m'kati. Nsalu zambiri amazipaka mankhwala oletsa madzi, ndipo mankhwalawa akakalamba amanata, amasupuka ngati khungu la njoka ndi kununkha. Chikwama chotere mukhoza kuchigwiritsabe ntchito, koma musachidalire pamvula ndipo mtengo wake utsike.

Kukhuthala kwa ulusi wa nsalu amakulemba ndi nambala yotsatana ndi chilembo D, monga 210D kapena 420D. Nambala ikakula, nsalu imakhala yolimba komanso yolemera. Nsalu ya nayiloni yokhala ndi timizere topingasana ngati pepala la masamu imaletsa kung'ambika kupitirira. Miyala ya pa Mulanje ndi yokhakhala ngati tupa, ndipo popita ku Sapitwa munthu amakwawa ndi kudzipanikiza pakati pa matanthwe, kotero nsalu yopyapyala kwambiri siichedwa kubooka, makamaka pansi pa chikwama. Ambiri amasiya zikwama zazikulu ku Chisepo n'kukwera ndi kachikwama kakang'ono ka madzi, chakudya ndi jekete. Kachikwama kopindika kotere kamalemera magalamu ochepa ndipo n'koyenera kukhala nako.

Za matumba ndi zokongoletsa sitichedwapo. Matumba awiri a m'mbali oikamo mabotolo, limodzi la pamwamba la tochi ndi mankhwala, ndi malamba a m'mbali ofinyira katundu kuti asagwedere, basi zakwana. Zipi aliyense woonjezera ndi kulemera koonjezera, komanso ndi khomo lina lolowera madzi.

Palibe chikwama chosokedwa ndi singano chimene sichilowa madzi mvula ikalimbika. Chophimba cha kunja chimathandiza, koma mphepo ya paphiri imachivundukula, ndipo madzi amatsikirabe kumsana. Njira yotsika mtengo imene ife timaidalira ndi thumba lalikulu lapulasitiki lokhuthala. Liikeni m'kati mwa chikwama, longedzani zofunda ndi zovala m'menemo, potokolani kukamwa kwake ndi kupindira pansi. Kunja kunyowe mmene kungathere, madzulo mudzavala zouma.

Kalongedzedwe nako kamatha kuwononga chikwama chabwino. Zopepuka koma zodya malo, monga thumba logonamo, zipite pansi. Zolemera, monga ufa, poto ndi madzi oonjezera, zikhale pakati, zomatirira kumsana. Zofunika m'njira, jekete ya mvula, kamba ndi mankhwala, zikhale pamwamba. Musalendewetse poto kapena nsapato kunja. Zimakukokerani kumbuyo, zimakola m'nthambi, ndipo phokoso lake limathamangitsa mbalame zimene munabwera kudzaona.

Chikwama chikagulidwa, musadikire tsiku la ulendo kuti muchidziwe. Chidzazeni ndi katundu yense, muyende nacho ola limodzi kapena awiri pa chitunda cha kufupi ndi kwanu, ngakhale aneba akufunseni kuti mukusamukira kuti. Pomwe pakukhula mudzapamva mukadali pafupi ndi nyumba, ndipo osoka nsapato a pamsika amatha kulimbitsa lamba kapena kusintha zipi pa mtengo wochepa.

Ulendo wachiwiri wa ku Chambe, mayi wa dzanzi uja anabwera ndi chikwama cha malita 38 cha pa kaunjika, chozilala mtundu, chokhala ndi chigamba pansi. Anali atayeza msana wake ndi tepi ya telala wa pafupi ndi kwawo, masentimita 42, ndipo anakana zikwama zinayi asanapeze chimenechi. Katundu wake yense anakwana makilogalamu 9. Pa Skyline anatisiya kumbuyo, ndipo titafika tinamupeza atakhala pakhonde, akucheza ndi mlonda, madzi a phala atawira kale.